Mwana Akukula, Malaya Anga Akutha

Amuna anzanga amene muli ndi khanda m'nyumba komanso makina osokera pakhonde, ndikukupemphani kuti usiku uno anthu akagona mutsegule sutikesi, muwerenge malaya anu. Chiwerengerocho mukachisungitse kwa munthu wodalirika, makamaka amene sanakwatire.

Ine kwathu ndi ku Dowa. Ku Karonga kuno ndinabwera ndi mphepo ya Kayelekera, mgodi wa uranium utatsegulidwa mu 2009, nthawi imene mnyamata aliyense wogwira satifiketi ya fomu folo ankalota atavala chipewa cholimba chija. Mgodiwo unaima mu 2014 mutu wanga usanalawe chipewacho. Chimene ndinatsala nacho ndi njinga yonyamulira anthu, imene kuno timati kago, ndi malaya angapo abwino amene ndinagula pokonzekera kukaonekera kwa mabwana. Kukwatira ndinachedwa, pakuti kuno mkazi sungomutenga ndi nkhuku ndi mawu okoma monga timachitira kwathu kuchikamwini. Kuno amafuna ng'ombe za miyendo inayi, ndipo apongozi anga mpaka lero akandiona amayamba kupinda zala.

Mayi a kunyumba ndi mtsikana wamng'ono ndithu, moti pamene ine ndinkayamba kupalasa kago iwo anali akuimbabe a e i o u. Kusoka anaphunzira kwa azakhali awo ku Kaporo. Ine lusolo ndinkaliona ngati la masewera, lotsekera mabowo a m'thumba, mpaka mwana atabadwa.

Anthu inu, zovala za khanda n'zochititsa manyazi. Kansalu kosakwana n'kupukutira mbale komwe, koma mtengo wake ngati wa thalauza la munthu wandevu. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, kaunjika amene anali bwenzi la ife amphawi anayamba kutiyang'ana ndi diso la kumbali. Pofika February 2025 ngakhale ogulitsa ake omwe anaguba ku Lilongwe mpaka ku Nyumba ya Malamulo kudandaula mtengo wa mabelo. Tsono ngati wogulitsa akulira, wogula atani? Kuwonjeza apo, zambiri za m'mabelomo zinasokedwera ana a ku Ulaya kumene kumagwa chipale chofewa. Yesani kumuveka mwana chijuzi cha ubweya mwezi wa October kuno kunyanja, dzuwa likuwotcha ngakhale pamthunzi wa mango. Pofika masana khosi lonse limakhala tiziphuphu tokhatokha, ndipo kulira kwake amakumva ali ku Ngara.

Choncho ndinachita zimene mwamuna woganiza patali amachita. Ndinagulitsa matumba a mpunga wa Kilombero amene ndinkasungira ng'ombe ya apongozi, n'kukagula makina a Butterfly opalasa ndi phazi, ogwiritsidwapo kale ntchito koma olira bwino. Safuna magetsi, amangofuna timafuta ndi mwendo. Ndinawaika pakhonde ndi mwambo wonse, n'kulengeza kuti kuyambira tsopano banja lino lili ndi kampani, ndipo ine ndine mwini wake.

Mayi a mwana anangoti, "Mwachita bwino, bambo a mwana. Nanga nsalu?"

Nsalu zokongola zimene mumaziona pamsika wa Karonga zambiri zimachokera ku Tanzania. Amayi amakwera minibasi mpaka ku Songwe, kuwoloka mlatho, kukasankha zitenje ku Kasumulu kapena ku Kyela. Koma kumeneko amafuna mashilingi, ndipo kwacha yathu ikafika pamlatho paja imaonda. Ndinawauza mayi kuti za nsalu tiona kutsogolo. Iwo sanatsutse. Anangoyang'ana malaya amene ndinavala, kuyambira pakolala mpaka pabatani lomaliza, n'kundifunsa ngati ndimawakondabe.

Oyamba kupita anali amizeremizere, amene anati atha pakhosi. Munatuluka timalaya tiwiri ndi kachipewa. Ndinasangalala, ndinamunyamula mwana n'kumuyendetsa mudzi wonse. Kenako anapita oyera a kutchalitchi, chifukwa akuti anali ndi dontho la mbalagha lokana sopo. Thaulo langa linasanduka matewera. Bedishiti ya ubatchala wanga, imene inandisunga pa zivomezi za December 2009 pamene tonse tinkagona panja kuopa zipupa, inadulidwa pakati popanda n'kupepesa komwe.

Vuto lake ndi loti khanda silichedwa kukula. Mwezi uliwonse mayi amapita naye kusikelo, amamupachika m'kathumba kaja, a zaumoyo n'kulemba kadontho m'buku. Kadonthoko kakakwera, mayi amabwera akuseka, apongozi aakazi amaimba nthungululu, ine ndimalowa kuchipinda kukatsanzikana ndi malaya ena. Sindikunena kuti mwana wanga asakule, Mulungu andikhululukire. Ndikungonena kuti mzere wa m'bukumo ndi sutikesi yanga zikuyenda mosemphana.

Koma pano ndiyankhuleko zoona, pakuti pali amuna ena pasiteji pathu amene ukawafunsa zimene akazi awo amachita, amati "amangokhala". Wongokhala wa kwathuyu amadzuka nkhuku zisanatsike, kuyamwitsa, kuchapa matewera, kukatunga madzi kumjigo, kupala moto, kuphika, kenako n'kukhala pamakina mwana ali kumbuyo. Amadula nsalu ndi dzanja limodzi, lina likuletsa kadzanja kofuna kugwira sizasi. Singano amaziwerenga madzulo aliwonse asanayale mphasa, ndipo ikasowa imodzi tonse timakwawa ndi tochi ya foni mpaka ipezeke. Miyezi isanu ndi umodzi yoyambirira, imene a chipatala amati mwana azingoyamwa bere lokha osapatsidwa ngakhale madzi, sindikudziwa kuti mayiyu ankagona nthawi yanji, chifukwa nthawi yonse imene ndikanafufuza ndinali m'tulo.

M'tulo mwangamo ndi mmene munadzalowa tsoka lina. Mwana anazolowera kugona kumbuyo kwa mayi ake makina akulira. Makina akaima, maso ali tong'o. Usiku wina atakana bere, atakana nyimbo, atakana n'kuyenda naye panja komwe, mayi anandigwedeza phewa.

"Bambo a mwana, inu si mumapalasa njinga?"

Ndinavomera, poganiza kuti akufuna tithamangire kuchipatala.

"Tapalasani makinawa, ine msana watha."

Kuyambira pamenepo ndili ndi ntchito ziwiri. Masana ndimapalasa kago kuchoka kudepoti kupita kumsika, ndipo amandilipira. Usiku ndimapalasa makina opanda ulusi, opanda nsalu, osapita kulikonse, mwini kampani ndili chivulire, pamene bwana weniweni akuyamwa chala. Ndikayesa kuchepetsa liwiro amatsokomola kamodzi kondichenjeza.

Malonda anayambira kusikelo komweko. Amayi anzawo anaona tizovala topepuka, ta thonje, tolowa mphepo, n'kuyamba kufunsa kuti kodi tagulidwa kuti. Posakhalitsa pakhonde panga panadzaza amayi ndi makanda, ena ochokera ku Lufilya kumene amalima mpunga, amene amalipira ndi mpungawo m'malo mwa ndalama. Pakhomo panga ndimalowa ndi "odi". Tsiku lina ndinanyamula mayi wina pakago, mwana ali kumbuyo, ndipo potsika ndinaona kuti kamwanako kavala thumba la malaya anga amizeremizere, ndi kadontho ka inki ya cholembera changa kali pompo. Ndinamupatsa moni mwanayo mwaulemu, monga umachitira ndi munthu amene munagwirapo ntchito limodzi.

Nditadandaula kuti ndatsala pang'ono kuyenda ndi vesiti, mayi anandimvera chisoni. Anasonkhanitsa tizidutswa tonse totsala pa zitenje za makasitomala, n'kundisokera malaya. Kutsogolo kuli nsomba, kumbuyo kuli maluwa, dzanja lamanja lili ndi theka la nkhope ya munthu amene ndikumukayikira kuti ndi wandale, lamanzere lili ndi mawu a Chiswahili oduka pakati. Anzanga pasiteji anaseka mpaka wina anagwa ndi njinga. Koma makasitomala sandisowanso. Ali kutali amangokuwa kuti "wa zigamba uyo!" ndipo ndalama ndikupeza kuposa kale, zimene zandipweteka kwambiri, chifukwa mayi akuti umenewu ndi umboni woti malaya enawo sindinkawafuna.

Lamlungu lina ndinawatenga onse awiri kukaona nyumba yosungira zinthu zakale ija ya pa Karonga, imene inatsegulidwa mu 2004, kuti mayi apumuleko pamakina. Muli chifanizo cha mafupa a chinyama chachikulu chotchedwa Malawisaurus, cha khosi lalitali, chimene chinkayenda m'dziko lino anthu kulibe. Ine ndinayamba kufotokoza za zaka mamiliyoni ngati ndinalipo. Nditacheuka ndinapeza mayi akuchiyang'ana chinyamacho kuyambira kumutu mpaka kumchira, milomo ikuyenda, chala chikuyeza m'malere. Diso limenelo ndimalidziwa. Ndinawakoka dzanja tisanathamangitsidwe.

Chinatsala chimodzi chokha chimene ndinalumbira kuti sizasi sidzachikhudza: jekete la ukwati, lakuda, la nsalu yolemera, limene ndimavala pamaliro, pa milandu ya kwa amfumu, ndiponso pokapempha apongozi kuti za ng'ombe adikireko. Nditamva mayi akuuza mnzawo kuti mvula yayandikira ndipo mwana afunika kena kofunda ka m'mawa, sindinadikire. Ndinalikulunga m'jumbo mbandakucha, n'kukalisungitsa kwa mnzanga wa kago, munthu wachinsinsi, amene tinadya naye mavuto kuyambira masiku a Kayelekera. Analiika pansi pa matiresi, n'kulumbira kuti ngakhale mkazi wake sadzamuuza.

Lumbiro lake analisunga, mkaziyo sanauzidwe kanthu. Anangolipeza yekha poyala bedi, n'kuganiza kuti ndi jekete lakale la mwamuna wake limene akulibisa chifukwa linamuchepera. Iwonso ali ndi khanda, ndipo telala wa ana m'dera lino ndi mmodzi.

Dzulo mayi a mwana anandipatsa kaphukusi kuti ndikasiye kunyumba kwa mnzanga uja. Munali timajekete tiwiri takuda ndi kakabudula, mabatani ake ndikuwadziwa limodzilimodzi. Anati ndikalandire ndalama yonse, ndisalole ngongole, ndipo pobwera ndidzere kumsika ndikagule ulusi wakuda chifukwa nsaluyo yatsalako ya mwana wathu.