Katswiri wa kompyuta ataya nkhani 20 kudzala

Mlembi wa danga lino sanaphunzirepo za kompyuta. Anangothandiza wapampando wa kabungwe ka alimi a mbatata kwawoko kufufuta zithunzi zimene zinadzaza foni, basi mbiri n'kuwanda kuti m'mudzi mwabadwa katswiri. Pamsonkhano wotsatira anamuninkha kapepala ka pasiwedi ya webusaiti ya bungwelo. Iye analandira ndi manja awiri, n'kutsokomola pang'ono monga amachitira anthu odziwa zinthu.

Webusaitiyo inamangidwa pa WordPress, pulogalamu imene Matt Mullenweg ndi Mike Little anaiyambitsa mu 2003, ndipo lero imayendetsa mawebusaiti oposa 40 pa 100 alionse padziko lapansi. Zimene alendo amaona ndi pabalaza chabe, posesedwa bwino. Kuseri, kumene umalowa ukalemba wp-admin kumapeto kwa adiresi, n'kuchipinda kosungira katundu: nkhani zonse zili pamndandanda, 20 patsamba lililonse, iliyonse ndi mutu wake, dzina la woilemba ndi tsiku.

Ntchito yake inali yochepetsetsa. Dzina la msungichuma linalembedwa molakwika m'nkhani ina, ndipo mayiwo anali atasiya kuyankha moni.

Mkuluyu anapeza kabokosi kofufuzira n'kulembamo "mbatata". Sankadziwa kuti kabokosiko sikayang'ana mitu yokha, kamafukula ndi m'kati mwa nkhani momwe. Nanga bungwe la alimi a mbatata lingalembe nkhani yopanda mbatata? Zinatuluka zonse, mbwee! Kuti aoneke wadongosolo, anachonga kabokosi kapamwamba, ndipo nkhani 20 zinachongeka nthawi imodzi. Mtima unakhala pansi, poti kusukulu chongi chinkatanthauza kuti wakhoza. Kenako pansi pa Bulk actions anasankha Move to Trash, akuganiza kuti akungozisunthira pambali monga momwe munthu amasunthira mbale pofuna malo pamphasa. Anadina Apply.

Tsamba linasintha. Pamwamba panatuluka kamawu kakuti Undo, kamene kakanabweza zonse pompo, koma katswiriyu anali atatseka kale laputopu n'kuifunditsa chitenje. Madzulo ake nsima inamukanika. Anauza mayi akunyumba kuti ndi malungo.

Anamupulumutsa ndi mwana wake wamkazi wa Fomu 3. Mtsikanayo anamuonetsa kuti Trash ndi dzala loleza mtima: chotayidwamo chimakhala masiku 30 chisanafufutikiretu. Anachonga nkhani zija n'kusankha Restore, bambo n'kuyamba kuimba nyimbo yakutchalitchi. Atatsegula pabalaza paja anapeza nkhanizo kulibe. Kuyambira mu 2020, pamene WordPress 5.6 inatuluka, nkhani yochokera kudzala imabwerera ngati Draft, yobisika kwa alendo mpaka wina ataitulutsanso. Mwanayo ankadziwa njira yozitulutsira zonse pakamodzi, koma anangoti, "Adadi, muzidina imodzi imodzi kuti dzanja lizolowere," n'kupita kukatsuka mbale. Bambo anadina Publish ka 20, thukuta lili kamukamu, bandulo ikutha ngati mchere wam'nyumba ya maliro.

Dzina la msungichuma analikonza pamapeto pake, ngakhale anayamba walilakwitsa mwanjira ina yatsopano. Apa m'pamene anadziwa za Revisions, kaundula amene amasunga kusintha kwa nkhani pamodzi ndi dzina la wosinthayo ndi nthawi yake. Anafunsa ngati kaundulayo amalandira kangachepe. Mwana sanayankhe.

Komiti itamva, inakumbuka kuti WordPress ili ndi maudindo asanu: Administrator pamwamba, kenako Editor, Author, Contributor ndi Subscriber. Inapatsa mtsikana uja wapamwambawo. Bambo ake inawaika pa Contributor, munthu wololedwa kulemba koma wosaloledwa kutulutsa kanthu popanda wina kuvomereza. Kunyumba mkuluyu ananena kuti amukweza. Mayi anangofunsa ngati malungo aja atha, n'kumupatsa dengu kuti akakumbe mbatata.