Makina anga akuti munda wonse ndi chitsulo

Chimvereni za golide wa ku Vubwi, ife a kwa Zingalume tulo sitikutiona. Mpaka mu 2012 Vubwi inali mbali ya boma lathu lomweli la Chadiza. Nanga golide ali pansipo anamuuza ndani kuti malire asintha? Nzeru zimenezi ndi zomwe zinandidyera mbuzi ndi matumba a soya, ndipo lero ndili ndi makina ofufuzira zitsulo pansi, aja anyamata amati ditekita.

Wogulitsa anayesa makinawo pamaso panga. Anagwira ndalama yachitsulo m'mwamba, patali ndithu, makina n'kulira. Ine kuwomba m'manja, osafunsa ngati golide wa kwathu kuno amayandama mumphepo.

Munda wanga ndi wa katondo, ndipo chimafiiritsa katondo ndi chitsulo chomwe chili m'dothimo. Makina angawa ndi a mtundu wa VLF: amatumiza mafunde pansi mosalekeza n'kumamvetsera zobwerera. Tsoka lake n'lakuti dothi lotere nalo limayankha. Ndikangoponda m'munda amayamba kulira ngati mwana wa njala, pamzere, pachulu, pamwala uliwonse wakuda. Pali kabatani kowaphunzitsa kunyalanyaza dothi, pali kenanso kochepetsa mphamvu. Ukachepetsa kwambiri amakhaladi chete, koma amaleka kumva zakuya. Usankhe wekha, phokoso kapena ugonthi.

Alamu anga, omwe sapirira kuona mnzawo ali ndi chinthu, anabwereka a mtundu wina, a PI. Amenewa amamenya kamodzi n'kudikira pang'ono. Yankho la dothi limazima msanga, la chitsulo limachedwerapo, ndiye amamva lochedwalo. Kampani ya Minelab ya ku Adelaide inatchuka ndi makina otere kuyambira mu 1995, chifukwa ku Australia nako golide amabisala m'dothi lofiira. Koma ndi olemera, amadya batire, ndipo mtengo wake mbuzi sizikwanira, pamafunika ng'ombe.

Tinapikisana. Tinakwirira ndalama ya K1 mumchenga wa kumtsinje, onse tinaipeza, ine ndikuyenda chonyada. Titaikwirira m'katondo kuya kwa chikhatho, anga anangolira paliponse, kusiyapo pamene panali ndalamayo. A alamu anaimva bwinobwino, titaikankhiranso pansi anaimvabe.

"Mwaona alamu, zinthu za ndalama?" anatero, ana akuseka.

Komatu makina a PI sadziwa kwenikweni kusiyanitsa msomali ndi golide. Chilichonse chikalira, kumba. Tsiku limenelo alamu anakumba dzenje lofika m'mawondo, thukuta kamukamu, n'kutulutsa khasu lakutha la malemu agogo. Ine ndinapeza chitsekerero cha botolo pamwamba penipeni, osatuluka thukuta. Anga amapeza zinyalala zapafupi, awo amapeza zinyalala zakuya, ndipo ndikuona kuti wopambana ndine.

Ena akutiopseza kuti kukumba golide popanda laisensi ndi mlandu. N'zoona, lamulo la migodi likutero. Koma wapolisi amene angandimange ayambe wandionetsa golideyo, ndimuthokoze.

Amayi a kunyumba anayang'ana chitsekererocho, n'kuyang'ananso khola la mbuzi.

"Abambo, mawa mukayese kuseri kwa nkhokwe. Nkhwangwa yanga inasowera komweko, mwina makina anuwo angagwireko ntchito."