Mlandu wa Mlendo Wosaodira

Ndipo kunali kuti, manachesi atapsa m'dziko la Mwanza, anthu anasonkhana pabwalo la mfumu kudzamva mlandu wa mlendo wotchedwa Nzeru za Makina, mbale wake wa Ulangizi uja amene chiyambire 2024 ayankha alimi m'Chichewa pa WhatsApp; ndipo popeza wozengedwayo analibe maondo ogwadira ngakhale manja owombera, nduna zinangomtsamiritsa pamwala. Mlandu wake unali wakuti analowa m'mudzi osaodira, nayamba kulangiza eni nthaka asanatchule chiwongo chake.

Mboni zitaitanidwa, mlangizi wa zaulimi sanafike, pakuti njinga yake inalibe mafuta. Mnyamata wogwira foni anati, "Bandulo yatha, Chalo," nakhala pansi. Bwana wa pulojekiti wochokera ku Blantyre anapempha kaye pepala losainira alawansi.

Pamenepo agogo ena anamanga chitenje, naimirira, nati: "Zikomo Chalo, ndi inu nonse eni bwalo. Akulu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, ndipo ine ndilibe naye mangawa ameneyu, pakuti ulemu wake uposa wa akamwini anga onse: sakwiya, samwa kachasu, ndipo ungamfunse chinthu chimodzi kasanu sakuuza kuti wakalamba. Koma taonani chodabwitsa! Munda ndi wanga, wosiyidwa ndi amayi anga, pamene foni ndi ya mkamwini, amene amakhalira nayo ku Zóbuè kusintha ndalama. Motero nzeru zonse za munda wanga ziyenda m'thumba la munthu woopa mpini wa khasu. Akabwera nayo tikwera pachulu kusaka netiweki, tikaipeza ndi ya ku Mozambique. Tsiku lina mlendoyu anaona chithunzi cha chimanga changa, nanenera kuti chachita chikasu, ndithire feteleza. Indetu mneneri wauka pakati pathu! Nditamfunsa kokamtenga fetelezayo, anandiuza mwaulemu kuti ndikaonane ndi mlangizi wa kwathu, amene umboni wake nonse mwaumva.

"Musaseke! Namondwe Freddy anakokolola minda kummwera kuno mu Malichi 2023, dzina langa linasowa pamndandanda wa feteleza wotsika mtengo, mavenda atenga dengu la manachesi pamtengo wa sopo, inu mukudya nkhuku kuhotela m'dzina lathu, ife n'kutitumizira mawu. Kodi mawu amathiridwa paphando?"

Mfumu, poona kuti dzuwa lapendeka ndi kuti nkhani yayamba kuloza anthu ovala nsapato, inagamula msangamsanga kuti mlendo alipire nkhuku imodzi chifukwa chosaodira. Ndipo popeza alibe khola, chindapusacho apereke amene anamfunsa nzeru, ndiwo agogo aja. Wozengedwayo atafunsidwa ngati wakhutira ndi chigamulo, anathokoza bwalo, nalangiza kuti nkhukuyo ilandire kaye katemera wa chitopa.