Tikawombere M'manja Kalembo N

Pa malembo onse, palibe kamene kasowetsa anthu tulo ngati n wa Chiesperanto, ndipo pa chifukwa chomwecho kayenera mpando wa ufumu. L. L. Zamenhof, dokotala wa maso wobadwira ku Białystok, anatulutsa chinenero chakechi ku Warsaw mu 1887 ali ndi cholinga choti mitundu ileke kukangana. Malamulo ake alipo 16 okha, ndipo lachiwiri limati dzina likakhala pamtherankhani lilandire n kumapeto. Ndiye mukati Hundo mordis infanon, galu waluma mwana. Mukasamutsa kalemboko n'kuti Hundon mordis infano, mwana ndiye waluma galu. Ndi mfumu iti imene ingasandutse wodandaula kukhala wopalamula mosachedwa chonchi, popanda mboni ngakhale mbuzi ya chipepeso? Ngakhale moni sadutsa osapereka msonkho: Saluton, Dankon, Bonan matenon, konseko kalembo kakhala kumchira ngati wokhometsa pachipata cha msika.

Odana nako amati n'kolemetsa pachabe, poti Chingerezi chimangodalira ndondomeko ya mawu. Dandauloli ndi lakale. Mu 1894 Zamenhof mwini, atatopa ndi madandaulo, anapereka ndondomeko ya kusintha yomwe inkakachotsa, koma owerenga nyuzipepala ya La Esperantisto anaikana povota. Mu 1905 msonkhano wa ku Boulogne-sur-Mer unagamula kuti buku la Fundamento lisakhudzidwe, ndipo n anatsekeredwa m'menemo ngati maliro a mfumu. Osakhutira, motsogozedwa ndi Louis Couturat ndi Louis de Beaufront, anapatuka mu 1907 n'kuyambitsa chinenero cha Ido. Apa mpamene pali ulemerero weniweni: opandukawo analephera kukataya, anakasunga kuti kaziwathandiza pamtherankhani akatsogola m'chiganizo. Anasamuka m'mudzi kuthawa nsabwe, koma bulangeti ananyamula lomwelo.

Ena anganene kuti Mchewa wa ku Chitungwiza, amene agogo ake anachoka ku Nyasaland kudzagwira ntchito m'migodi ndi m'mafamu, alibe nazo ntchito zimenezi. Koma iye ndiye woyenera kukamvetsa, chifukwa ali ndi kake kobisika m'kati mwa mneni. Tikati "Njoka inamuluma mlimi" kapena "Mlimi inamuluma njoka", wolumidwa ndi mlimi yemweyo, chifukwa -mu- waulula. Chishona cha anansi ake chimachitanso chimodzimodzi. Joan Bresnan ndi Sam Mchombo anasonyeza mu 1987 kuti kachidutswa kameneka kakakhalapo, mawu a chiganizo cha Chichewa amatha kusinthana malo momasuka. Komabe tivomereze kugonja: galu ndi mwana ali m'gulu limodzi la mayina, choncho "Mwana anamuluma galu" ndi mlandu wofuna mboni. Kalembo ka Zamenhof sikagwa mu msampha wotere. Kamasiyanitsanso kie ndi kien, kukhala pamalo ndi kulowera kumalo, pamene ife timangoti "kuti", kaya munthu waima pa siteji ya Makoni kaya ali m'kombi yopita ku Harare.

Chotsutsa champhamvu ndi chakuti anthu amakaiwala, ngakhale ana okulira m'mabanja olankhula Chiesperanto, ndipo amamvanabe. N'zoona. Koma taganizani za mdala amene waphunzira chinenerochi zaka 40, alibe dziko, alibe boma, alibe apolisi. Chuma chake chonse ndi mwayi wodula mnzake mawu n'kumuuza kuti wasiya n. Mukakachotsa, munthu ameneyu adzakamba chiyani pamsonkhano? Ndipo wophunzira wamantha amene amakamwaza paliponse ngati mchere, mpaka pambuyo pa mneni estas pomwe sikafunika, amapatsa aphunzitsi ntchito ya moyo wonse. Owerenga inu, mukadzakumana ndi Mwesperanto, musadzayerekeze kunena kuti Danko. Nenani Dankon, apo ayi basi yomaliza idzakusiyani mukulangizidwa.