Ulemu kwa Mayi Udzudzu, Mwinimudzi wa ku Mangochi

Anthu a m'tauni ntchito ikawakola m'khosi amati tikapumeko ku Mangochi. Amanyamuka ku Blantyre Lachisanu masana, kudzera ku Zomba ndi ku Liwonde, n'kukafika pa boma dzuwa litapendeka. Lolemba akabwerera ku ofesi amatamanda chambo, amatamanda mtsinje wa Shire, amatamanda ngakhale wakabaza amene anawadula mtengo ataona nsapato zawo. Koma amene anawalandira ndi manja awiri n'kuwachezetsa usiku wonse samutchula, ndipo akamutchula ndiye kuti akumutukwana. Kusayamika kumeneku kwafika ponyanya, n'chifukwa chake lero ndaima kuti ndiwayankhulire Mayi Udzudzu.

Ndati mayi chifukwa bambo wa m'banja limeneli ndi munthu wa phee, amangoyamwa timadzi ta maluwa basi. Amene amaluma ndi mayi, ndipo sachitira dyera: magazi amawafuna kuti mazira awo akhwime. Tonse timalemekeza mayi wodzuka usiku kukasaka chakudya cha ana. Nanga uyu walakwanji?

Tiyambe ndi kulandira alendo. Pa malo ogona, wapakauntala amakufunsani dzina, chiphaso ndi ndalama musanaone n'komwe bedi. Mayi Udzudzu safunsa kanthu. Mwangokhala pansi kumene pakhonde loyang'ana kumtsinje, chambo chootcha chafika ndi nsima yake, inu mwasamba m'manja, iwo afika kale pansi pa tebulo. Amayambira ku akakolo, poti fungo la mapazi, limene ngakhale akunyumba kwanu amadandaula nalo, kwa iwo ndi lokoma. Mpweya umene mumapuma amaumva ali patali. Ndani wina pa dziko lino amakukondani chifukwa chongopuma? Ndipo sasankha. Bwana wa Prado ndi mnyamata wogulitsa usipa pa depoti amalandira moni wofanana.

Za ulemu ndiye musanene. Dzayang'anitsitseni wa mtundu wa Anopheles, mwini malungo, akatera pakhoma: mutu pansi, kumbuyo m'mwamba, kuwerama kwa munthu woleredwa bwino. Pogwira ntchito amayamba wathira timate toletsa magazi kuundana, ndipo inu mumazindikira kuti kunabwera alendo iwo atatsanzika kale.

Tsono Loweruka m'mawa mlendo amapita kukaona mbiri. Pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi pali nsanja ya wotchi imene inamangidwa mu 1903 pokumbukira Mfumukazi Victoria. Pambali pake pali mfuti ya m'sitima yankhondo ya Guendolen, imene mu Ogasiti 1914 inakalemaza sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann ku Sphinxhaven, komwe lero ndi Liuli. Tauniyi inayamba mu 1891 ndi dzina lakuti Fort Johnston, potengera Harry Johnston, amene anaika linga lake moyang'anana ndi mudzi wa Mfumu Mponda kuti atseke njira ya malonda a akapolo. Mayina onsewa ali pa zikwangwani ndi m'nyumba yosungiramo zakale. La Mayi Udzudzu palibe, chonsecho onsewa anawapeza iwo ali kale m'mabango.

Ndipo pa onse amene anakhalapo m'boma lino, amene mawu ake anamveka kwambiri ndi iwo. Mu 1875 amishoni a ku Scotland anakhazikitsa Livingstonia ku Cape Maclear. Malo anali okongola, doko labwino, nyanja yoyera. Mayi Udzudzu sanalembe kalata, sanaitanitse msonkhano, anangowayendera usiku uliwonse, ndipo manda a amishoniwo alipo mpaka lero. Mu 1881 a Robert Laws ndi anzawo anasamukira ku Bandawe. Kumenekonso anapeza achibale a mayiwa akuwadikira, mpaka mu 1894 anakwera phiri kukamanga ku Khondowe. Choncho aliyense amene anaphunzira ku Livingstonia, kapena amene amanyadira sukulu za kumpoto, adziwe kuti amene anasankha malowo anali ndi mapiko. Ndi nduna iti ya maphunziro inasamutsapo sukulu mtunda wotere popanda bajeti?

Kudzichepetsa kwawo ndiye kodabwitsa. Kwa zaka zambirimbiri azungu ankati malungo amachokera ku mpweya woipa wa m'madambo, ndipo Mayi Udzudzu anangokhala chete, osalimbirana ulemu wa ntchito yawo. Zinatengera Ronald Ross kung'amba mimba ya udzudzu ku India mu 1897 kuti choonadi chidziwike. Mu 1902 mphotho ya Nobel inapita kwa Ross. Amene anang'ambidwa mimba sanalandire ngakhale zikomo.

Tibwerere kuchipinda, poti mphatso yaikulu ili komweko. Ulendo wa kumapeto a sabata ndi waufupi, ndipo munthu wosazindikira amataya theka lake m'tulo. Mayi Udzudzu salola kuti ndalama zanu zipite pachabe chotero. Magetsi akazima, fani n'kuima, kutentha kwa Okutobala n'kukuvulani chofunda, nyimbo imayamba pafupi ndi khutu. Mumayatsa tochi ya pafoni n'kuona neti ili bwinobwino, kupatula kabowo kamodzi pakona kamene wina anamanga ndi kachingwe. Mkatimo muli mmodzi yekha, ndipo mmodziyo ndi wokwanira. Mumawomba m'manja, iwo amasuntha. Mumadzimenya khofi patsaya, iwo amayambiranso ndime yoyamba. Palibe woimba m'Malawi muno amene anawomberedwa m'manja kochuluka chotere ndi anthu ovala zogonera.

Phindu lake mumaliona mbandakucha. Chifukwa muli maso, mumamva azana akuitana kumzikiti, mumamva mvuu ikufwenthera kumunsi kwa mtsinje, mumaona asodzi akupalasa mabwato kulowera ku Malombe, migwalangwa itaima bii m'chisisira. Anzanu amene anagona tulo tofa nato ku hotela yodula yokhala ndi makina oziziritsa sanaone chilichonse cha izi. Analipira zambiri kuti aone zochepa.

Komanso mayiwa salola mlendo kubwerera chimanjamanja. Usipa wouma umene mwagula umatha pofika Lachinayi, chipewa cha mlaza ana amachiphwasula. Mphatso yawo imakhala chete m'chiwindi kwa sabata imodzi kapena ziwiri, kenako imatulukira muli pa msonkhano: mutu waukulu, kuphwanya m'thupi, kunjenjemera dzuwa likuswa mtengo. Apo mwalandira tchuthi chachiwiri chimene bwana sangakane, ndi mankhwala a LA a masiku atatu, m'mawa ndi madzulo.

Ngakhale kutchuka kwa dziko lino iwo aikapo dzanja. Mu 1993 Malawi linali dziko loyamba mu Africa kusiya chloroquine n'kuyamba Fansidar, tizilombo tawo titaphunzira kuwazemba mankhwala akalewo. Mu Epulo 2019 linakhalanso loyamba kubaya ana katemera wa malungo wa RTS,S pa ndondomeko ya boma. Ofufuza, anamwino, opopera mankhwala m'nyumba, ogulitsa makoyilo pa golosale, onsewa amadya chifukwa cha mayi mmodzi wosalemera ngakhale ngati njere ya mpunga.

Alipo amene anganene kuti ndikukometsa chigawenga. Anena kuti mlendo amadandaula masiku awiri pamene mwana wa kwa Mponda amagona ndi mayiwa chaka chonse, ndi kuti amene amawakonda koposa ndi ana osafika zaka zisanu ndi amayi oyembekezera. Pamenepa sinditsutsa. Aliyense amene anaonapo wodi ya ana miyezi ya dzinja akudziwa kuti chikondi cha mayiwa chimapitirira muyeso. Koma walira mvula walira matope: mukufuna mtsinje, mabango ndi chambo, mwini malowo mumusiya kuti?

Pempho langa lili pawiri. Kwa akhonsolo, pambali pa nsanja ya Mfumukazi Victoria pali malo okwanira chipilala china, ndipo mfumukaziyo sinapondeko n'komwe ku Mangochi pamene mayiwa sanachokeko. Kwa alendo ndi eni mudzi, tiyeni tiphunzire mwambo. Munthu wamkulu sitigona naye mphasa imodzi. Amene amatenga neti ya kuchipatala kukakokera usipa kapena kutchingira mbewu kudimba akuwazolowera mayiwa mopanda ulemu. Neti isokedwe, ipisidwe pansi pa matiresi dzuwa likangolowa, ndipo thupi likatentha mukabwerako, thamangani mukayezetse tsiku lomwelo. Akuluakulu otere timawalemekeza patali: iwo kunja kwa neti, ife mkati, nyimbo tikuimva bwinobwino, koma chopereka ayi.