Bwanji Ikufuka Pamene Yangoima?

Galimoto ikamakwera chitunda itasenza katundu, injini ikubangula, n'kumatulutsa utsi, ndingamvetse chifukwa ili pa ntchito yakalavulagaga. Nanga yanga bwanji? Pamsewu waukulu imathamanga kumbuyo kuli mbee. Koma ndikangoima pamdipiti wa magalimoto m'tauni, injini ikulira chapansipansi, pakapita mphindi zingapo utsi wabuluu umayamba kutuluka ku ekizozi. Ndikaponda faya kuti ndinyamuke umatuluka wambiri kamodzi n'kamodzi, kenako zii. Chinthu chimene chikupuma chingapse bwanji kuposa pamene chikuthamanga?

Ndi galimoto ya petulo yokhala ndi turbo, mwa zija zimabwera kuchokera ku Japan zitayendako kale. Makaniko woyamba amene ndinamufunsa sanatsekule n'komwe boneti. Anangoyang'ana kumbuyo n'kunena kuti, "Mayi, turbo yatha iyi." Wina anati ndi maring'i, tigwetse injini. Onse awiri anatchula ndalama zoti munthu wolandira pamwezi sangagone nazo tulo. Ndinawafunsa funso limodzi lomwelo: mwadziwa bwanji? Utsi ndi umodzi, mayankho awiri. Kodi utsi umalemba dzina la kumene wachokera?

Amene anandipatsa nthawi ndi bambo ena achikulire a galaja ya pansi pa mtengo, amene anyamata awo amangowatchula kuti madala. Ndinayamba ndi funso la mwana: chikupsacho n'chiyani, poti petulo amapsa tsiku lililonse osaoneka? Anati mtundu wa utsi umanena chimene chikupsa. Wakuda ndi mafuta ochuluka kuposa mpweya. Woyera wa m'mawa kukazizira, umene umazimirira msanga, ndi nthunzi chabe, koma woyera wokhuthala wosatha, madzi a mu radiyeta akuchepa, ndiye kuti madziwo akulowa m'masilinda, kawirikawiri chifukwa cha gasiketi. Wabuluu ndi oyilo. Anandiuza ndiwerame ndinunkhize, ndipo fungo lake ndi lowawa pakhosi, losiyana kwambiri ndi la petulo.

Chabwino, ndi oyilo. Koma oyilo amakhala pansi mu sampu. Ku ekizozi akukafikako bwanji, ndipo turbo ikukhudzidwa pati?

Sanayankhe ndi pakamwa. Anakatenga turbo yakufa m'bokosi la zitsulo n'kundiika m'manja. Inali yolemera kuposa mmene imaonekera, mbali imodzi yadzimbiri ndi yakuda ndi mwaye, ina yoyera ya aluminiyamu. Mkati muli timawilo tiwiri ta mapiko tolumikizidwa ndi kachitsulo kamodzi. Ndinazungulitsa kamodzi ndi chala, kenanso kanazungulira. Utsi wotentha wochoka mu injini umakankha ka kumbali yakuda, ndipo ka kumbali yoyera kamapopera mpweya wambiri mu injini. Nzeru imeneyi si yadzulo ayi. Injiniya wa ku Switzerland, Alfred Büchi, analembetsa luso lake mu 1905. Chimene chinandidabwitsa ndi liwiro. Galimoto ikangoima injini imazungulira mwina ka 700 kapena 800 pa mphindi, pamene kachitsulo ka turbo, galimoto ikamakoka, kamapitirira ka 100,000 pa mphindi, ndipo m'maturbo ang'onoang'ono kamadutsa ngakhale 200,000. Utsi umene ukukankhawo, m'galimoto ya petulo, umatha kufika madigiri 900.

"Ndiye kachitsuloka sikasungunuka bwanji, bambo?"

"Kamayandama pa oyilo, mayi. Sikakhudza chitsulo chinzake."

Anandionetsa mabowo awiri pakati pa turbo. Lapamwamba ndi laling'ono, pamene pamalowa paipi yopyapyala yobweretsa oyilo mokankhidwa ndi pampu ya injini. Lapansi ndi lalikulu, potulukira. Apa anatsindika chala. Oyilo wotulukayo palibe chomukankha. Amangotsika yekha ndi kulemera kwake kubwerera mu sampu.

Ndinafunsa za masilo a turbo amene aliyense amanena kuti atha. Ndinkayembekezera kuona labala. Anasolola kamphete kachitsulo kakang'ono, kokhala ndi kampata pamene nsonga zake zimakumana. Labala sangapirire moto wa pamenepo. Koma mphete yokhala ndi mpata ingatseke bwanji oyilo? Anati payokha siitseka kwenikweni. Chimene chimabweza oyilo ndi mphamvu ya mpweya. Kumbali yakuda utsi umakankhira mkati, kumbali yoyera mpweya wopopedwa umakankhiranso mkati, ndipo oyilo, posowa kolowera, amatsika pa bowo lalikulu lija. Galimoto ikamathamanga mphamvu ziwirizi zimakhala zazikulu. Ikangoima zimagwa pansi, pamene pampu ikupitirizabe kutumiza oyilo. Ngati china chake chikumuchedwetsa kutsika, amadzadza pakatipo n'kudutsa pa kampata kaja. Wodutsira kumbali yakuda amagwera mu ekizozi momwemo, n'kumanyeka pang'onopang'ono, ndipo wodikhayo amapsera limodzi ukangoponda faya.

Apa ndipo ndinayamba kuona kuwala pa funso langa loyamba. Koma linabala lina. Ngati oyilo akudutsa chifukwa akulephera kutsika, wolakwa ndi turbo kapena njira yotsikirayo? Ngalande ikatsekeka ndi zinyalala m'nyengo ya mvula, madzi n'kulowa m'nyumba kudzera pansi pa chitseko, kodi munthu amakagula chitseko chatsopano?

Madala aja anati anthu ambiri amagula. Turbo yatsopano imamangidwa pa paipi yomweyo yotsekeka, ndipo posakhalitsa utsi umabwerera. Anawerenga zimene zimatseka njirayo. Paipi yotulukira ikhoza kupindika kapena kudzala ndi makala a oyilo wopserera, makamaka ngati sevisi imachedwa kapena ngati woyendetsa amazimitsa injini nthawi yomweyo akangofika kuchokera ulendo wothamanga, turbo ili psuu. Oyilo akathiridwa kupyola mzere wapamwamba wa dipisitiki, akhoza kumiza kukamwa kwa paipiyo mu sampu. Fyuluta ya mpweya ikatsekeka ndi fumbi, ndipo fumbi la mwezi wa Okutobala kuno tikulidziwa, kawilo koyera kamayamwa movutikira mpaka kukoka oyilo kumbali yake. Ndiye pali breather. Injini iliyonse imadutsitsa mpweya pang'ono m'mbali mwa mapisitoni kupita pansi kumene kuli oyilo, ndipo mpweyawo uli ndi kavavu ndi paipi yake yotulukira, imene mabuku amaitcha PCV. Ikatsekeka, mpweya umadzadzana mu sampu n'kumakankha oyilo wa turbo kuti asatsike. Kalabala ka m'kavavuko kakang'ambika, injini imayamwa nkhungu ya oyilo mwachindunji. Zonse ziwiri zimabweretsa utsi wabuluu galimoto itaima, turbo ili bwinobwino.

Ndinafunsa ngati nkhani yonse ndi ya turbo ndi mapaipi ake basi. Anapukusa mutu. Galimoto zopanda turbo nazonso zimafuka zitaima. Pamwamba pa injini pali mavavu otsekula ndi kutseka, ndipo ndodo ya vavu iliyonse ili ndi kasilo ka labala koletsa oyilo kutsetserekera pansi. Labala akakalamba amauma. Mu injini ya petulo, phazi likachoka pa faya khomo la mpweya limatsala pang'ono kutsekeratu, mapisitoni n'kumayamwa mwamphamvu popanda chokwanira choyamwa, ndiye amakoka oyilo kudzera pa masilo ouma aja. N'chifukwa chake utsi wa masilo a mavavu umaoneka ukailiza m'mawa itagona usiku wonse, ukaima nthawi yaitali, kapena ukatsika mtsetse wautali uli m'giya n'kupondanso faya pansi pake. Wa maring'i umakonda kuoneka pamene injini ikukoka, ndipo umachuluka ukamaponda.

Ndiye ngati njira ndi zambiri chonchi, munthu angasiyanitse bwanji asanagule kanthu? Kodi pamafunika makina odula?

Zimene anachita zinali za sipanala ndi maso. Anayamba ndi dipisitiki, oyilo ali pa mzere wake. Anatulutsa fyuluta ya mpweya n'kuiyang'ana pa dzuwa. Anamasula mapulagi onse n'kuwandandalika pa kansalu motsatana ndi masilinda awo. Pulagi yonyowa ndi oyilo, yakuda yonyezimira, imasonyeza kuti oyilo akupsera m'silinda. Ngati mapulagi onse ali ouma koma utsi ulipo, ndiye kuti oyilo akulowa mu ekizozi kupyola masilinda, ndipo maso amapita kumbali yakuda ya turbo kapena ku masilo a mavavu otulutsa utsi. Anamasula paipi yochoka ku turbo kupita ku intercooler, choziziritsira mpweya wopopedwa, n'kupisamo chala. Anati kunyowa pang'ono si mlandu, koma oyilo wochita kudontha ndi nkhani ina. Kenaka, injini itazima ndi kuzizira, anagwira kawilo koyera n'kukagwedeza. Kugwedera pang'ono cham'mbali n'kololedwa, poti ndi malo a oyilo uja, bola mapiko asakhule chikwama chake. Kukakankha mkati ndi kukakoka, sikayenera kusuntha koti chala chimve bwino. Kanga kanali nji, mapiko ake opanda chipsera.

Anayeza kompuresheni, ndipo masilinda onse anapereka manambala oyandikana. Anati kusiyana kopitirira pafupifupi 10 peresenti ndi kumene kumadetsa nkhawa. Pomaliza analiza injini n'kutsekula chivundikiro cha pothirira oyilo. Mpweya unkatuluka phuu phuu, wokankha chikhatho. Maring'i akutha amachititsanso zimenezi, koma geji ya kompuresheni inali itawaikira kale umboni. Atazula paipi ya breather, mkati munali phala lakuda louma moti ngakhale kupemerera ndi pakamwa mpweya sunadutse.

Ndinawafunsanso za malangizo amene ndinamva kwa ambiri, akuti thiramoni oyilo wokhuthala kapena mankhwala a m'botolo oletsa utsi. Ngati vuto ndi oyilo wochedwa kutsika, wokhuthala satsika mochedwa koposa? Anavomera, n'kuwonjeza kuti m'mawa injini ili yozizira amachedwanso kufika pa kachitsulo kothamanga kaja, ndipo turbo imene inali yamoyo imayamba kudyeka. Oyilo woyenera ndi amene walembedwa m'buku la galimotoyo.

Nkhaniyi imandikhudza chifukwa utsiwo sumathera m'thumba mwanga mokha. Oyilo wopsa amaononga catalytic converter, chochepetsa poizoni wa mu utsi, ndi sensa ya mpweya ya mu ekizozi, ndipo injini yodya oyilo mwakachetechete ikhoza kuuma mwini wake asakudziwa. Pamdipiti paja, amene amapuma utsiwo ndi wakabaza amene waima kumbuyo kwanga ndi mwana amene wamukweza, ndi mayi wogulitsa nthochi m'mbali mwa msewu. Kwa a magalimoto a dizilo, mapikapu ndi maminibasi a turbo, pali choopsa china chimene madala aja ananena nkhope ili gwaa. Injini ya dizilo imatha kuyaka ndi oyilo wake womwe. Turbo ikataya oyilo wambiri m'njira ya mpweya, injini imathamanga yokha, ngakhale uzule kiyi siizima, mpaka itadziononga, pokhapokha wina atseke mpweya wolowa kapena aizimitse ndi giya yapamwamba ataponda buleki.

Paipi ya breather inatsukidwa, kavavu kake kanasinthidwa, oyilo ndi fyuluta n'kuikamo zatsopano, ndipo paipi yotulukira pansi pa turbo anaimasulanso kuti aone ngati kuwala kukudutsa. Nditailiza utsi unatulukabe, mtima n'kugunda. Ndinafunsa kuti nanga uwu ukuchokera kuti?

"Ndi wakale uwo, mayi, wotsalira mu intercooler ndi mu ekizozi. Yendani nayo ulendo wautali upse wonse. Muziyang'ana dipisitiki m'mawa uliwonse galimoto ili pamalo athyathyathya. Mukadzaona utsi pongoiliza itagona usiku, mubwere tidzaone masilo a mavavu."