Paipi ya hafu inchi yopanda hafu inchi

Paipi ya hafu inchi ilibe malo ngakhale amodzi pomwe mungayeze n'kupezapo hafu inchi. Ndikunena izi ngati munthu amene ali ndi tepi yakeyake yoyezera, amenenso masamu a MSCE anakhoza, ngakhale kunali kukhoza kochita kukwawa.

Inchi imodzi ndi mamilimita 25.4, theka lake ndi 12.7. Pamenepo palibe mkangano. Koma tengani paipi yachitsulo ija timati GI, ya hafu inchi, muyeze kunja kwake, mupeza 21.3. Muyeze kubowo, mupeza pafupifupi 16. Pa pepala la katundu alembapo DN15. Manambala anayi pa paipi imodzi, onse akulumbira kuti akunena zoona.

Zonsezi zinandipeza mpopi wa kuseri kwa nyumba utayamba kudontha. Mayi a kunyumba anati tiitane pulambala. Ndinawakumbutsa mwaulemu kuti m'nyumba muno muli mwamuna. Ndinayeza paipi, ndinalemba 21 padzanja ndi bolopeni, ulendo ku hadiweya.

"Ndikufuna soketi ya mamilimita 21."

Mnyamata wogulitsa sanadzutse n'komwe mutu pa foni yake. "Kulibe zimenezo, madala."

"Zatha?"

"Sizinapangidwepo. Paipi yanuyo ndi yachitsulo?"

"Yachitsulo."

"Ndiye ndi hafu."

Ndinamutambasulira dzanja kuti awerenge yekha, n'kuyamba kumuphunzitsa za 12.7. Kumbuyo kwanga mzere unkakula, amisiri a simenti m'tsitsi, ndipo panalibe anaseka mokweza, chomwe chinandiwawa kuposa kusekako. Mkulu wina wa ovolosi yotuwa anandikokera pambali monga muja amachitira ndi munthu amene walankhula zosayenera pamaliro.

Anandifotokozera kuti kalekale mapaipi ankapangidwa okhuthala kwambiri, ndipo bowo lake linalidi pafupi ndi hafu inchi. Luso losula zitsulo litapita patsogolo, anatha kupanga paipi yopyapyala koma yolimba. Kunja sakanasintha, chifukwa masoketi, maelibo ndi mipopi yonse imagwira kunjako. Akanatero, dziko lonse likanataya katundu. Ndiye anasiya bowo kuti likule, dzina n'kutsala lakale. Ndinamvetsa msanga, paja nanenso kumudzi amanditchabe kamwana, dazi ndi mimba zili apo.

Ndikanabwerera kunyumba nthawi yomweyo, bwenzi ndili ndi ulemu wanga. Koma nzeru zatsopano zimayabwa. Ndinaganiza zochotseratu zitsulo zonse n'kuika mapaipi apulasitiki a PPR, aja amalumikiza chowotcha. Amenewa, pamodzi ndi akuda aja a HDPE, amatchulidwa ndi muyeso wa kunja, m'mamilimita, mosabisa kanthu. Ndinati eya, anthu oona mtima ndi awa. Pofuna madzi ambiri, ndinati ndigule wani inchi, ndipo poti wani inchi ndi 25.4, ndinaloza ya 25. Abale, 25 imayenda ndi firikota. Ya 20 ndiyo imayenda ndi hafu, ndipo wani inchi ndi ya 32.

Chopweteka mutu n'chakuti PPR ya 20 yolembedwa PN20 ndi yokhuthala mamilimita 3.4 mbali iliyonse, kotero bowo lake ndi 13.2. Mwa mapaipi onse amene ndinagwira tsikulo, iyi ndiyo inayandikira hafu inchi yeniyeni, ndipo ndi yomweyo imene sitchedwa hafu inchi.

PN ija ine ndinkayesa chizindikiro cha mtengo. Imanena mphamvu ya madzi imene paipi ingapirire osaphulika, m'miyeso yotchedwa bar, ndipo bar imodzi ndi kukankha kwa madzi otsika kuchokera pamtunda wa mamita pafupifupi 10. Thanki yanga ili pa nsanja yoti mwana amakwerapo ndi makwerero a nsungwi. Nayonso mizere ya penti pa mapaipi achitsulo ndinkayesa zokongoletsa. Wogulitsa atandifunsa kuti yabuluu kapena yofiira, ndinayankha monyada kuti ine ndine wa Bullets kuyambira ubwana, za Wanderers m'nyumba mwanga ayi. Yabuluu ndi yokhuthala pakatikati, yofiira ndi yokhuthala kwambiri, ndipo mtengo wake umatsata pomwepo. Sindinaonepo munthu akulipira chonchi chifukwa cha timu, ngakhale pa geti la Kamuzu Stadium.

Za mazinga ndingodutsa. Athu kuno ndi a ku Britain, a BSP, ochokera pa muyeso umene Joseph Whitworth anakonza mu 1841, opendekera madigiri 55. A ku America, a NPT, ndi madigiri 60. Pa hafu inchi onse ali ndi mazinga 14 pa inchi imodzi, ndiye amalowana bwinobwino poyamba, mtima n'kukhala pansi, kenako madzi n'kuyamba kutuluka m'mbali. Sefa ya madzi imene mlamu wanga anatumiza kuchokera kumeneko yamaliza thread tape yokwana kumangira mbuzi.

Pulambala anabwera ndithu. Anamuitana ndi mayi a kunyumba, ine ndili pomwepo, osandiyang'ana. Anamasula soketi yakale, anaipereka kwa mwana kuti akaonetse ku hadiweya n'kugula inzake, basi. Tepi sanaigwire.

Pofuna kubweza ulemu, ndinatulutsa pulani ya chimbudzi chatsopano chomwe tikufuna kumanga. Ndinamuuza kuti wojambulayo ndi wosasamala, walemba ziro patsogolo pa 110 kenako n'kuikhwatcha m'malo mofufuta.

Anayang'ana pepala, anayang'ana ine.

"Bwana, si ziro iyi. Chizindikiro cha Ø chimanena kukula kwa paipi modutsa pakati. Apa akufuna PVC ya 110. Folo inchi."

"Folo inchi ndi 101.6," ndinatero, poti masamu sandichoka.

"Eya, bwana."

"Ndiye 110 yachokera kuti?"

Anatembenukira kwa mayi a kunyumba. "Mayi, tsiku logula mapaipiwo mudzapite ndinu."